Za Sayansi ndi Umisiri: Kodi Makina a Linux Sagwidwa Tizilombo?

Nyengo yokolola ikatha, misika ya cimanga, mtedza, soya ndi thonje nitsegulidwa, ndalama zambiri masiku ano sizifikanso pamudzi zomangidwa pa nsonga ya citenje monga kale. Zimafika m'lamya ya m'manja. Mlimi wa ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi amangomva kalamya kalira, nawerenga uthenga wakuti ndalama zake zalowa, ndipo kuyambira pomwepo thukuta lake la caka cathunthu likhala m'kacipangizo kokwana m'thumba la malaya. M'menemo ndimo mucokera ndalama za feteleza, za yunifomu ya ana ndi za ulendo wa ku cipatala. Pa cifukwa ici nkhani ya tizilombo togwira makompyuta ndi malamya siilinso ya anthu a m'maofesi a ku Lusaka okha ai. Yafika pakhomo pa banja lililonse.

Pakati pa acinyamata ophunzira za makompyuta pafala mau akuti makina oyendera Linux sagwidwa kacilombo, ndipo kuti mwini makina otere angagone tulo osatseka citseko. Ena amanena mauwa akabwera ku chuthi, makolo nakhulupirira pakuti wanena ndi mwana wa sukulu. M'mau amenewa muli coonadi ndithu, koma mulinso msampha. Ndime ya sabata ino ifotokoza mbali zonse ziwiri.

KACILOMBO KOPANDA MOYO

Coyamba, kacilombo ka m'kompyuta si kamoyo monga nankafumbwe kapena ciswe. Sikabadwa ndi fumbi, cinyontho kapena kutentha kwa dzuwa. Ndi pulogalamu, ndiye kuti mndandanda wa malangizo olembedwa ndi munthu, wouza makina kucita zinthu zimene mwini wake sanafune. Akatswiri amacha mapulogalamu onse oipa otere ndi dzina limodzi lakuti malware, koma mitundu yake njosiyanasiyana.

Pali vairasi, imene imadziphatika ku pulogalamu yabwino ndi kufalikira pamene anthu apatsana zinthu. Pali nyongolotsi, imene siyembekeza kunyamulidwa ndi munthu koma imadziyendera yokha pa intaneti kucoka m'makina ena kulowa m'makina ena. Pali mtundu wina wobwera utavala nkhope ya cinthu cabwino, monga sewero, nyimbo kapena pulogalamu yobwereketsa ndalama, m'kati mwake muli mbala. Za mtundu umenewu makolo ananeneratu kuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndiponso pali mtundu wochedwa ransomware, umene umatsekera zolembedwa zonse za munthu kapena za kampani, eni ake nauzidwa kuti alipire dipo ngati afuna kuti ziwatsegukire.

Zinthu izi sizinayambe dzulo. M'caka ca 1986 abale awiri a ku Lahore m'dziko la Pakistan, Basit ndi Amjad Farooq Alvi, analemba vairasi yochedwa Brain, imene inayenda maiko ambiri itabisala m'timbale tosungiramo zinthu ta masiku amenewo. Kuyambira nthawi imeneyo nchito yolemba tizilombo yasanduka malonda a magulu a mbala ofuna ndalama.

LINUX NCIANI?

Kompyuta iliyonse, ngakhale lamya yamakono, ili ndi pulogalamu imodzi yaikulu yoyendetsa zonse, imene ili ngati kapitao pa nchito. Ndiyo igawira mapulogalamu ena malo ndi nthawi, ndiyo isunga zolembedwa, ndiyonso ilola kapena kukana cinthu. Windows ya kampani ya Microsoft ndi imodzi mwa mapulogalamu otere, ndipo kalembedwe kake ka m'kati ndi cuma ca kampaniyo, cosaonetsedwa kwa anthu wamba.

M'caka ca 1983 Richard Stallman wa ku America anayamba nchito yochedwa GNU, colinga cake cili cakuti pakhale mapulogalamu amene munthu aliyense angawawerenge m'kati, kuwasintha ndi kugawira anzake mwaufulu. M'caka ca 1991 Linus Torvalds, mnyamata wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, analemba phata la pulogalamu yoyendetsa makina naliika poyera kuti aliyense wofuna athandizeko. Phata limeneli ndilo Linux. Mapulogalamu olembedwa poyera motere amachedwa open source, ndipo afanana ndi citsime ca pamudzi: anakumba ndi anthu ambiri, aliyense atungapo, ndipo aliyense angasuzumire kuti aone ngati madzi ali bwino.

Pa phata limeneli pamangidwa mitundu yambiri, monga Debian, Fedora ndi Linux Mint. Mtundu wina wochuka unayambidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, naupatsa dzina lakuti Ubuntu, liu la anansi a kumwera lofanana ndi umunthu m'Cinyanja. Makina aakulu ambiri osunga masamba a intaneti amayendera Linux, ndipo kuyambira mwezi wa November 2017 makompyuta onse 500 amphamvu koposa pa dziko lapansi amayenderanso Linux yemweyo.

Koma cimene anthu ambiri a m'midzi sadziwa ncakuti iwonso ali naye Linux m'thumba. Android, imene imayendetsa malamya ambiri a Tecno, Itel ndi Samsung ogulitsidwa m'masitolo a ku Chipata ndi kwina konse, inamangidwa pa phata la Linux. Lamya yoyamba ya Android inatuluka mu 2008. Cotero funso lakuti kodi Linux amagwidwa kacilombo likhudza mlimi mofanana ndi mmene likhudzira katswiri wa ku banki.

COONADI CA M'MAU A ACINYAMATA

Nzoona kuti tizilombo togwira makompyuta a Linux a pa tebulo ntocepa kwambiri poyerekeza ndi togwira Windows. Zifukwa zake zilipo zinai.

Coyamba ndi kagawidwe ka ulamuliro. M'makina a Linux munthu wogwira nchito ya tsiku ndi tsiku ali ngati mlendo wopatsidwa cipinda cimodzi m'nyumba. Angasinthe za m'cipinda cake, koma sangagwetse cipupa kapena kusasula denga. Ulamuliro wonse uli ndi mwini mfungulo, amene amachedwa root, ndipo pofuna kusintha cinthu cacikulu makina amayamba afunsa mau acinsinsi. Pulogalamu yoipa ikalowa kudzera mwa munthu wamba, kawirikawiri imatsekeredwa m'cipinda comweco.

Caciwiri ndi kumene mapulogalamu amacokera. Wogwiritsa nchito Debian kapena Ubuntu safunika kuyendayenda pa intaneti kutola mapulogalamu kwa anthu osadziwika. Mtundu uliwonse uli ndi nkhokwe yake ya mapulogalamu oyesedwa, ndipo ciliconse cotuluka m'nkhokwemo cili ndi cidindo cimene makina amaciyesa asanacilandire. Nzofanana ndi kugula mbeu m'thumba losindikizidwa kwa wogulitsa wovomerezeka, m'malo mogula cimanga copakidwa utoto m'mbali mwa mseu.

Cacitatu ncakuti mbala imapita kumene kuli anthu ambiri. Makompyuta ambiri a m'maofesi ndi m'nyumba amayendera Windows, cotero wolemba kacilombo amaona kuti phindu lili kumeneko. Cacinai ncakuti kalembedwe ka Linux kali poyera, ndipo colakwa cikapezeka anthu a m'maiko osiyanasiyana amathandizana kucikonza msanga, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Zonsezi nzoona. Koma nyumba ya njerwa zoocha nayonso imaberedwa ngati mwini wake wasiya mfungulo pa citseko.

ZIMENE ZINACITIKAPO

Pa 2 November 1988, Linux asanabadwe, Robert Tappan Morris, wophunzira pa yunivesite ya Cornell ku America, anatulutsa nyongolotsi imene inagwira makina oyendera Unix, kholo limene Linux anatengerako kamangidwe. Akuti inagwira makina pafupifupi 6,000 mwa makina 60,000 amene anali pa intaneti masiku amenewo. Njira imodzi imene inali kulowera inali yongoyesa mau acinsinsi osavuta kulota. Morris anapezeka wolakwa m'khoti mu 1990. Vairasi yoyamba yolembedwera Linux weniweniyo, yochedwa Staog, inaoneka mu 1996, patangopita zaka zisanu Linux atayamba.

Patapita zaka 28 kucokera pa nyongolotsi ya Morris, kusasamala komweko kunabalanso tsoka lalikulu. Mu 2016 kunabuka pulogalamu yoipa yochedwa Mirai, yolembedwa ndi anyamata atatu a ku America. Iyo siinali kufuna makompyuta a pa tebulo ai, koma tizipangizo ting'onoting'ono toyendera Linux, monga makamera olondera nyumba ndi timabokosi togawa intaneti. Tizipangizo timeneti timacoka ku fakitale tili ndi mau acinsinsi amodzimodzi, ndipo ogula ambiri sawasintha. Mirai inali ndi mndandanda wa mau otere pafupifupi 60, ndipo inali kungogogoda khomo ndi khomo kufikira citseko citatseguka. Tizipangizo zikwi mazanamazana tinagwidwa, eni ake osadziwa kanthu, ndipo tonse pamodzi tinatumidwa kukaunjikana pa makina amodzi monga dzombe pa munda. Pa 21 October 2016 khamu limeneli linagwera kampani ya Dyn, ndipo anthu ambiri ku America analephera kutsegula Twitter, Netflix ndi masamba ena aakulu. Anyamata aja anavomera mlandu mu December 2017.

Africa nayenso analawako. Munthu wina wa ku Britain, Daniel Kaye, analipidwa kuti agwetse makina a kampani ya malamya ya Lonestar ku Liberia, nagwiritsa nchito mtundu wina wa Mirai. Cakumapeto kwa 2016 intaneti ya anthu ambiri m'dzikolo inasokonezeka. Khoti la ku London linamlamula mu January 2019 kukhala m'ndende zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi itatu.

M'caka comweco ca 2016, mwezi wa February, mbala zinalowa pa tsamba la Linux Mint ndi kusintha njira yake, kotero kuti amene anatenga pulogalamuyo tsiku limenelo analandira yokhala ndi khomo lobisika. Eni ake anazindikira msanga nacenjeza anthu. Muno m'Zambia, mu May 2022, Bank of Zambia inalengeza kuti makina ake ena anasokonezedwa. Gulu la mbala lochedwa Hive ndilo linacita zimenezi, koma banki inakana kulipira dipo. Gulu limeneli linali ndi mapulogalamu ogwira Windows ndi enanso ogwira Linux, kusonyeza kuti mbala za masiku ano zimasula makasu a munda uliwonse. Apolisi a ku America ndi a ku Ulaya anaphwasula makina a gululi mu January 2023.

MASO AMBIRI, KOMA NDANI ALI KUYANG'ANA?

Okonda mapulogalamu apoyera amanyadira kuti colakwa sicingabisale pamene pali maso ambiri. Koma makolo anati mbewa zikaculuka siziika masa. Aliyense amayesa kuti mnzake waona kale. Mu April 2014 kunapezeka colakwa cochedwa Heartbleed m'pulogalamu ya OpenSSL, imene imabisa mauthenga a pakati pa munthu ndi banki kapena sitolo ya pa intaneti. Colakwaci cinakhala poyera zaka ziwiri, cikulola mbala kutapa mau acinsinsi m'makina a ena, ndipo masamba pafupifupi 500,000 anali pangozi. Pamenepo dziko linadzidzimuka kumva kuti pulogalamu yodaliridwa ndi makampani olemera inali kusamalidwa ndi anthu owerengeka cabe, ambiri a iwo ongodzipereka. Mu September caka comweco kunapezekanso colakwa cina, Shellshock, m'pulogalamu ya Bash, cimene cinagona m'menemo kuyambira 1989.

Nkhani yophunzitsa koposa ndi ya XZ Utils, kapulogalamu kopanikiza zolembedwa kuti zicepe, kamene kali pafupifupi m'makina onse a Linux. Kwa zaka zambiri kanali kusamalidwa ndi munthu mmodzi, Lasse Collin wa ku Finland, wosalandira malipiro. Cakumapeto kwa 2021 kunabwera wothandiza wodzicha Jia Tan, dzina limene akatswiri ambiri akhulupirira kuti linali lonamizira. Iye anayamba ndi tinchito tating'ono, nakonza apa ndi apo mwaulemu ndi mwaluso. Mu 2022 makalata a anthu ena osadziwika anayamba kufika kwa Collin, kumdzudzula kuti nchito ili kucedwa ndi kumkakamiza kuti apeze womthandiza. Pang'ono ndi pang'ono mlendo uja anapatsidwa mfungulo. Anadikira zaka zoposa ziwiri, monga mkamwini wolima mwakhama pa cikamwini mtima uli pa khola la ng'ombe. Mu February ndi March 2024 anatulutsa XZ Utils 5.6.0 ndi 5.6.1, m'kati mwake ataikamo khomo lobisika lolola mwini mfungulo yake kulowa m'makina a ena ali kutali.

Amene anagwira cinyengoci sanali mlonda wolembedwa nchitoyo ai. Anali Andres Freund, katswiri wa ku Germany wogwira nchito ku Microsoft, amene anali kuyesa zinthu zina pa Debian. Iye anaona kuti polowa m'makina pali kucedwa kwa theka la sekondi, ndipo makina ali kugwira nchito yolemera yosadziwika cifukwa cake. Munthu wina akanangoti ndi mmene makina amacitira. Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Freund anatsata phazi ndi phazi kufikira anapeza khomo lija, nalengeza pa 29 March 2024. Mwamwai pulogalamu yoipayo inali itangofika m'mitundu yoyesera ya Debian, Fedora ndi ina yocepa, isanalowe m'makina a mabanki, zipatala ndi maboma.

Phunziro lake lili pawiri. Kukhala poyera ndiko kunalola mbala kulowa ngati wothandiza, ndipo kukhala poyera komweko ndiko kunalola munthu mmodzi wacidwi kufufuza ndi kuigwira. Citsime ca pamudzi cimakhala caukhondo pokhapo ngati alipo anthu ocisamala.

NANGA ANTIVIRUS?

Antivirus ndi pulogalamu yosaka tizilombo. Kagwiridwe kake ka nchito kafanana ndi ka mlangizi wa zaulimi amene amazindikira mbozi poona maonekedwe ake ndi kadyedwe ka tsamba. Iyo ili ndi mndandanda wa zizindikiro za tizilombo todziwika, ndipo imayerekeza ciliconse colowa m'makina ndi mndandandawo. Ina imayang'ananso khalidwe la pulogalamu, monga ngati yayamba kutsekera zolembedwa zambiri nthawi imodzi. Kufooka kwake nkwakuti kacilombo katsopano kangadutse osazindikirika, ndipo antivirus imene mndandanda wake sunakonzedwe kwa miyezi ili ngati mlonda wodziwa nkhope za mbala zakale zokha. Khomo lobisika la XZ Utils silinagwidwe ndi antivirus, pakuti linabwera ndi cidindo ca nkhokwe yeniyeni.

Pa Linux pali antivirus yaulere yodziwika bwino, ClamAV, imene anaiyamba Tomasz Kojm wa ku Poland, ndipo kuyambira 2013 ili m'manja mwa kampani ya Cisco. Codabwitsa ncakuti nchito yake yaikulu ndi kugwira tizilombo ta Windows. Makina a Linux ndiwo amanyamula makalata ndi zolembedwa za anthu ambiri, ndipo angathe kupatsira ena kacilombo kamene iwo eni sikawadwalitsa, monga ng'ombe yooneka yathanzi imene ifalitsa nkhupakupa m'khola lonse. Ncifukwa cake sukulu, cipatala kapena kopaletivu imene ili ndi makompyuta a Linux, koma imalandira ma flash disk a aphunzitsi, a makalaliki ndi a anthu ocokera kosindikiza mapepala ku boma, icita bwino kukhala ndi ClamAV ndi kupima ciliconse cobwera. Munthu wa kompyuta imodzi ya Linux panyumba, wotenga mapulogalamu m'nkhokwe yokha, angakhale bwino popanda antivirus, malinga asunge malangizo ali m'munsimu.

Cida coposa antivirus ndico kulandira zokonza zatsopano, zimene zimachedwa update. Colakwa cikalengezedwa, mbala nazonso zimamva, ndipo zimathamangira makina amene sanakonzedwe. Mu May 2017 ransomware yochedwa WannaCry inagwira makompyuta a Windows m'maiko oposa 150, niimitsa nchito m'zipatala zambiri za ku Britain, cikhalirenico Microsoft inali itatulutsa kale cokonza cake mu March. Lamulo limeneli ndi limodzi pa Windows, pa Linux ndi pa Android. Denga amafolera mvula isanagwe.

LAMYA YA PAMUDZI

Android ili ndi malinga olimba. Pulogalamu iliyonse imakhala m'khola lakelake, ndipo siingawerenge mauthenga, kuona zithunzi kapena kudziwa manambala a abale popanda cilolezo ca mwini lamya. Nkhokwe yake ndi Play Store, ndipo kuyambira 2017 kampani ya Google inaikamo mlonda wochedwa Play Protect amene amapima mapulogalamu a m'lamya. Ngakhale m'nkhokwe imeneyi nthawi zina mumapezeka zoipa, koma ngozi yaikulu ili kunja kwake.

Pakuti mabandulo ndi okwera mtengo ndipo netiweki imavuta, anthu ambiri amapatsana mapulogalamu lamya ndi lamya, kapena amapereka memory card kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu pamsika. Ena amalandira uthenga pa WhatsApp wolonjeza mabandulo aulere, nchito kapena ngongole yamsanga, nauzidwa kuti aike pulogalamu yakutiyakuti. Poiika, lamya imafunsa ngati iloledwe kuwerenga mauthenga, ndipo munthu amavomera osawerenga, pofuna kuti zithe msanga. Apo ndiye kuti mwini nyumba watsegula yekha citseko. Pulogalamu younikira ngati toci ilibe cifukwa cowerengera mauthenga a ndalama. Sewero la ana lilibe cifukwa codziwira manambala a abale. Safunsa anadya phula.

Palinso mcitidwe wa okonza malamya ena wothyola maloko a Android kuti lamya ikhale pa root, ati kuti icite zambiri. Kutero ndiko kugwetsa malinga onse achulidwa aja. Kacilombo kakafika pa root kamakhala kovuta kucotsa, pakuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mu 2019 Google inavomera kuti pulogalamu yoipa yochedwa Triada inaikidwa m'malamya ena asanacoke nkomwe ku fakitale, kudzera mwa amalonda ena othandiza opanga malamyawo. Mu 2020 kunamveka kuti malamya otere otsika mtengo anapezeka ku Ethiopia, Ghana, Cameroon ndi South Africa, akudya mabandulo a eni ake ndi kuyesa kuwalembetsa ku zinthu zolipira zimene sanapemphe.

Zizindikiro za lamya yogwidwa ndi izi: mabandulo ndi ndalama zoimbira kutha msanga popanda cifukwa, batire kutentha lamya ili cigonere, zithunzi za malonda kutulukira paliponse, ndi mapulogalamu acilendo kuoneka okha. Woona zotere acotse mapulogalamu onse amene sawadziwa, asinthe nambala yacinsinsi ya ndalama, ndipo zikapitirira asunge manambala ndi zithunzi zake pena, lamya ibwezeredwe monga inacokera ku sitolo.

Amene ali ndi timalamya ta mabatani asadziyese opulumuka. Kacilombo sikawavuta kwenikweni, koma lilime la munthu limawapeza. Mbala imaimba lamya nidzicha wanchito wa kampani ya malamya, kapena imatumiza uthenga wakuti ndalama zalowa molakwika ndipo zibwezedwe. Palibe antivirus pa dziko lapansi imene ingateteze munthu wochula yekha nambala yake ya PIN kwa mlendo.

ZOYENERA KUSUNGA

1. Mapulogalamu atengedwe m'nkhokwe yeniyeni: Play Store pa lamya, ndi nkhokwe ya mtundu wake pa kompyuta ya Linux.

2. Lamya kapena kompyuta ikapempha update, ipatsidwe mpata. Wopita ku boma kumene netiweki ili yamphamvu acite zimenezi ali komweko. Makina akale amene opanga ake analeka kuwatumizira zokonza asasungiremo zinthu za ndalama ngati njira ina ilipo.

3. Pulogalamu ikapempha cilolezo, mwini lamya awerenge kapena afunse wodziwa kuwerenga amene amkhulupirira. Copempha zosagwirizana ndi nchito yake cikanidwe.

4. Nambala ya PIN isakhale caka cobadwa kapena 1234, isalembedwe kuseri kwa lamya, ndipo isauzidwe kwa munthu aliyense, ngakhale wodzicha wa ku kampani kapena wa ku boma. Wanchito weniweni safunsa PIN.

5. Kabokosi kogawa intaneti kapena kamera ikagulidwa pa sukulu, pa cipatala kapena pa sitolo, mau acinsinsi a ku fakitale asinthidwe tsiku lomwelo.

6. Woyang'anira makompyuta a Linux asagwire nchito ya tsiku ndi tsiku ali pa root, ndipo ana a sukulu apatsidwe malo ao opanda ulamuliro. Malangizo okopera pa intaneti asalembedwe m'makina ndi munthu wosadziwa tanthauzo lake.

7. Zolembedwa zofunika, monga maina a mamembala a kopaletivu, zotsatira za mayeso ndi mabuku a ndalama, zisungidwe pawiri, cina pa cipangizo cosalumikizidwa ku kompyuta. Wokhala ndi nkhokwe yaciwiri saopa wofuna dipo.

8. Woberedwa ndalama asacite manyazi. Adziwitse msanga kampani ya lamya yake ndi apolisi, ndipo madandaulo okhudza malamya angaperekedwenso ku bungwe la ZICTA. Kukhala cete kumapatsa mbala mpata wokabera mnansi.

Tsono mwana wa sukulu akadzanenanso kuti Linux sagwidwa kacilombo, makolo angamuyankhe kuti wanena theka. Linux ndi nyumba yomangidwa bwino, ya maziko olimba ndi zitseko zabwino, ndipo masukulu ndi makopaletivu osowa ndalama zogulira mapulogalamu angapindule nayo kwambiri. Koma pa nkhani zonse zafotokozedwa pano, kuyambira nyongolotsi ya 1988 kufikira khomo lobisika la 2024, mbala inapezerapo mpata pa zinthu zodziwika: mau acinsinsi osasinthidwa, colakwa cosakonzedwa, kapena mlendo wokhulupiriridwa msanga. Zitatu zimenezi banja lililonse lingathe kuzisamala, ngakhale lopanda katswiri. Ndalama za zokolola zikalowa m'lamya caka cino, mwini wake aisamale monga asamalira nkhokwe ya cimanga, pakuti madzi akatayika saoleka.